Ndinavala Diresi la Malemu

Mpaka lero ndikatsika kombi pamsika wa Hauna pamapezeka azimayi okodolana, n'kumanong'onezana kuti, "Si uja anavala diresi la malemu uja?" Eya, ndine. Musavutike n'kubisa pakamwa ndi chikhatho. Ndinalivala ine, pamaso pa chipani chonse, ndipo wina atandipatsa lero ndingalivalenso. Koma poti aliyense amaisimba nkhaniyi kuyambira pamene pamukomera, ine ndiiyambira pamene inayambira.

Bambo anga anachokera ku Thyolo wapansi ali mnyamata, n'kukayamba kutchola tiyi ku Chipinge, m'dziko la eni lino. Kumeneko ndi kumene anapeza amayi, nawonso mwana wa anthu akwathu. Atamva kuti kuchigwa cha Honde kwatsegulidwa minda ina anasamukira kuno, pakomboni ya kufupi ndi Samanga, ndipo asanazolowere n'komwe mwana wawo woyamba anamwalira. Tsono kwathu munthu susambitsa maliro ako wekha, sukumba manda a mwana wako. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu. Nanga kuchilendo adzukulu akanawatenga kuti? Amayi ankasimba kuti anakhala ndi kamtembo pamphasa mpaka dzuwa kufika paliwombo, anthu onse a pakomboni atapita kumunda poopa kapitawo. Amene analowa m'nyumbamo anali mayi wina wachimanyika wa m'mudzi wa kuseri kwa tiyi, yemwe ankayenda ndi dengu la nthochi khomo ndi khomo. Anatula dengulo, anapempha madzi ofunda, n'kusambitsa mwanayo. Mwamuna wake ndiye anakumba manda. Kuyambira tsiku limenelo nyumba ziwirizi zinakhala pa chisahwira.

Sahwira wa kuno ndiye mdzukulu wa kwathu, kungoti iye amapitirira. Kwanu kukagwa maliro amasambitsa ndi iye, amaveka ndi iye, amakumba ndi iye. Kenako amavala zovala za malemu n'kumayenda monga ankayendera, kulankhula monga ankalankhulira, kuti olira asekeko. Amanyoza aliyense amene wafuna, kaya ndi m'busa kaya ndi bwana, ndipo palibe bwalo limene limazenga mlandu wa pakamwa pa sahwira. Mwamuna wa mayi uja atamwalira tinamuika ndife. Bambo anga atamwalira anawaika ndi iwo. Kwa anthu opanda mudzi m'dziko muno ngati ife, chisahwira chimenechi ndicho chinali mudzi wathu, ndipo amayi ankachisamala kuposa mbale zawo za alendo.

Mayi wa dengu uja ife ana tinkangowati mbuya, monga aitanira agogo kuno. Anali ndi mwana wamwamuna wamsinkhu umodzi ndi achimwene anga. Awiriwa anakulira limodzi, kusambira limodzi mumtsinje wa Pungwe, kukwapulidwa ndi ndodo imodzi. Atakula, achimwene analowa m'tiyi mpaka kukhala kapitawo, pamene mnzawoyo anagula lole n'kumanyamula nthochi za chigwa chonse kupita nazo ku Mutare. Aliyense ankangomuti wanthochi, ndipo inenso ndimutchula choncho, poti dzina lake limandiwawa pakamwa.

Zaka zambiri ife sitinkavota. Tinabadwira pompano, michombo yathu ili pansi pa tiyi yemweyu, koma zitupa zathu zinkati ndife alendo. Lamulo litasintha, achimwene analowa chipani ngati munthu waludzu amene wapeza chitsime. Loweruka lililonse anali panjinga, komboni ndi komboni mpaka ku Ruda, kuuza nkhalamba kuti zikasinthitse zitupa. Ine ndinali woyambitsa nyimbo wa amayi a chipani. Mawu ndili nawo, musandione kuchepa thupi. Ndikakweza nyimbo pabwalo la sukulu, a kutsidya kwa mtsinje ankadziwa kuti msonkhano wayamba.

Ndiye chinafika chaka chimene akuluakulu awiri a chipani chathu anayamba kulimbirana kuti ndani adzaimire upulezidenti. Ife sitinawaonepo maso ndi maso. Tinkangowadziwira ku zimene ankatumiza. Mmodzi ankatumiza zipewa, winayo ankatumiza zitenje, zimene kuno timati mazambiya. Posakhalitsa chigwa chonse chinagawikana, a zipewa uko, a mazambiya uko, anthu a mpingo umodzi osapatsana moni pa chigayo. Dera lililonse linauzidwa kuti lisankhe munthu mmodzi woti akaponye voti yake ku msonkhano waukulu wa ku Harare. A mazambiya anaimika achimwene. A zipewa anaimika wanthochi.

Amayi atamva anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Asahwira akamakangana ndi masewera amenewo, asiyeni." Poyamba zinalidi ngati masewera. Wanthochi akamadutsa ndi lole ankaliza huta n'kufuula kuti achimwene akonzeretu mpango wopukutira misozi, achimwene n'kubweza kuti lole yakeyo idzamuthandiza kunyamula manyazi.

Tsiku la chisankho tinasonkhana pabwalo la sukulu. Kunalibe mapepala kapena bokosi. Kunali kuvota kumene kuno amati bereka mwana. Opikisana amaima kutsogolo atatembenuka msana, inu n'kukafola kumbuyo kwa amene mukumufuna, masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akukuonani. Ine ndinali woyamba kumbuyo kwa achimwene, manja anga ali pamapewa awo. Nditacheuka mtima unachita kuvina. Mzere wathu unali utakhota mpaka ku zimbudzi za ana asukulu, ndipo munalibe a pakomboni okha ayi, munalinso anthu a m'midzi, eni nthaka, amene achimwene anawathandizapo pa izi ndi izo.

Wanthochi naye anacheuka n'kuona. Anachoka pamalo pake, n'kulanda chimkuzamawu kwa mkulu wina amene chipani chinatumiza kudzayang'anira chisankho. Analankhula m'Chishona, ndipo mawu ake ndikuwamva mpaka pano.

"Imi vekuno, mamira kumashure kwaani? Munhu asina mutupo, asina kumusha!"

Akuti, inu eni kuno mwaima kumbuyo kwa yani, munthu wopanda mfunda, wopanda kwawo. Anthu anayamba kuseka poyesa kuti ndi nthabwala za sahwira. Koma iye sankaseka. Anapitiriza kuti mabhurandaya awa, kutanthauza ife a ku Blantyre, ngakhale manda awo timachita kuwakumbira ndife. Kenako anatola chija chimene sichitoledwa. Anati, "Mwana wawo woyamba akanawolera pamphasa pakanapanda amayi anga. Lero mukufuna akakulankhulireni ku Harare?"

Kenako ndinamva mapazi. Anthu a m'midzi anayamba kuchoka mumzere wathu mmodzimmodzi, maso ali pansi, kuwolokera kwa a zipewa. Kuipa kwa bereka mwana ndi kumeneko, kuti ndimawadziwa onse. Ndikudziwa amene anayamba, ndikudziwa amene anayamba wayang'ana uku ndi uku, ndikudziwa mayi amene anakoka mwamuna wake pamalaya. Mapewa a achimwene ndinawamva akutsika m'manja mwanga. Sanacheuke, anangoima njo mpaka owerenga anamaliza.

Atatha kulengeza, mkulu wa chipani uja anagwira dzanja la wanthochi ndi la achimwene n'kuwakweza m'mwamba onse awiri. Anati wapambana ndi chipani, chala chimodzi sichiswa nsabwe, zimene zalankhulidwa pano zatsala pano. Achimwene analola dzanja lawo kukwezedwa. Anthu anandiyang'ana ine kuti ndiyambitse nyimbo. Ndinalavulira pansi, n'kuvula zambiya ndinamanga m'chiuno ija, n'kunyamuka.

Kunyumba ndinafika ndikutukwana kuyambira kumsewu. Ndinati ndipita kwawo, ndikaima pabwalo pawo, ndikamuyalutsa mpaka nkhuku zidziwe. Amayi anali atakhala pakhonde, miyendo itatupa kale masiku amenewo. Anandisiya ndithe mpweya, kenako anati, "Utseke pakamwa pakopo. Ine ndakalamba. Ukaudula ubalewu, adzandisambitsa ndani?"

Ndinati, "Amayi, mwana wanu wamutukwana ali m'manda."

Anati, "Ndamva. Anali wanga ameneyo, sanali wako. Ndati utseke."

Achimwene nawo anati, "Mlongo wanga, zisiye. Chipani n'chimodzi." Koma munthu wonena kuti zisiyeyo anasiya njinga ikuchita dzimbiri kuseri kwa nyumba. Anasiya kupita ku Hauna kukacheza ndi anzawo. Akaweruka ankangokhala pachitsa kuseri, kuyang'ana mapiri. Mwamuna amene ankalamula anthu m'tiyi ndi mawu amodzi anayamba kupatukira ana panjira. Ine ndinatseka pakamwa monga anandiuzira amayi, koma m'mimba ndinasunga. Mlandu suwola.

Ku Harare anapambana wa zipewa. Wa mazambiya anayamba kuopseza kuti atuluka ndi anthu ake, ndiye kunagwa mliri wa umodzi. Sabata iliyonse galimoto inkatsika phiri ndi akuluakulu odzatiphunzitsa kukondana. Anabwera mpaka pakhomo panga kudzandipempha kuti ndibwerere ku nyimbo. Ndinawauza kuti ayambe auza munthu wawo wanthochi abweze mawu aja pamalo pamene anawanenera. Mkulu yemwe uja, mwini chimkuzamawu, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Mawu ake ati, amai? Ife sitinamve kanthu." Asa! Bwalo lonse la sukulu linagontha tsiku limodzi? Kutukwanako kunandiwawa, koma kukana kumeneku ndi kumene kunandiphika.

Kenako mbuya anamwalira. Ndinalira zenizeni, musaganize kuti ndinasangalala. Mayi ameneyo anandiberekapo kumsana, anandiphunzitsa kutukwana m'Chimanyika, ankandibisira nthochi zakupsa bwino pansi pa masamba. Zaka zake zomaliza anali chigonere, makutu atatseka, ndipo za pabwalo la sukulu ana ake anamubisira. Uthenga utafika amayi anandiitana. Anati, "Upite ukagwire ntchito yako. Ntchito yokha." Iwo tinawanyamula pangolo.

Ndinamusambitsa mbuya ine ndi alamu anga, akazi a achimwene. Tinamudzoza mafuta, tinamumanga duku, tinamuveka bwinobwino. Achimwene ndi ana awo anali kumanda kuyambira m'mamawa, kulimbana ndi dothi lofiira lija lomata ku khasu. Mpaka pamenepo ndinalibe maganizo ena, Mulungu ndi mboni. Maganizo anabwera pamene mkazi wa wanthochi anatsegula sutikesi n'kunditulutsira zovala zoti ndisewere nazo. Munali diresi la buluu la kolala yoyera lija mbuya ankapita nalo kumsika, duku, ndi kabotolo ka fodya wamphuno. Ndodo inali pakona, dengu linali pamwamba pa kabati. Ndikuvala, ndinasuzumira pawindo. Panja panali tenti yaikulu, ndipo m'mipando ya kutsogolo munali mutadzaza akuluakulu a chipani, a zipewa ndi a mazambiya atakhala mosakanikirana dala kuti anthu aone. Maliro a mbuya anali atasanduka msonkhano wa umodzi. Ndinamanga duku lija n'kunena mumtima kuti, lero ndi lero.

Ndinatuluka ndikutsimphina mwendo wamanzere monga ankachitira, dengu pamutu, ndikufuula, "Mabhanana! Mabhanana akaibva!" Nthochi zakupsa. Anthu anaphulika kuseka, ena akupukuta misozi. Ndinapita kwa abusa n'kuwanena kuti amafinya nthochi zanga osagula. Ndinanunkhiza fodya n'kuyetsemulira pa nsapato za bwana wina. Ndinakalipira akamwana a mbuya kuti sadziwa kusesa. Wanthochi mwiniyo anaseka mpaka kugwira m'mimba, misozi ili chuchuchu, poti ndinkatha kuwatsanzira amayi ake kuposa wina aliyense. Ndinamusiya aseke.

Titafika kumanda, amuna atakonza zingwe kuti atsitse bokosi, ine ndinakhala pansi m'mphepete mwa dzenje n'kulendewetsa miyendo m'katimo. Ndinati, "Handipindi." Sindilowa. Zimenezi sahwira amachita, ndipo anthu anasekanso, ena n'kuyamba kundinyengerera monga mwa mwambo. Ndinaloza wanthochi ndi ndodo.

"Bwera kuno, mwanangu. Gwada."

Munthu sakana amayi ake pa tsiku lowaika. Anabwera akumwetulira, n'kugwada pa dothi lonyowa ndi buluku lake la suti. Ndinkalankhula Chimanyika cha mbuya chenicheni, chokoka mawu.

"Wandisambitsa ndani lero?"

"Asahwira, amai."

"Nanga nyumba yangayi wandikumbira ndani?"

"Asahwira, amai."

"Asahwira ake ati? Aja opanda mfunda aja? Aja opanda kwawo?"

Kumwetulira kunauma pankhope pake. Kuseka kwa anthu kunatha ngati wazimitsa wailesi. Ndinati, "Ndamva kuti unalankhula bwino pabwalo la sukulu. Ine ndinali chigonere, sindinamve. Akuluakulu awanso akuti sanamve. Tabwereza, timve tonse."

Mkulu wa chimkuzamawu uja anadzuka msangamsanga. Anati, "Amai, lero si tsiku la ndale."

Ndinamutembenukira ndi ndodo. "Iwe ndiwe mwana wa yani? Wabwera pamaliro anga chipewa chili kumutu, ndiye ukundiuza za ndale?" Anachivula chipewacho ngati chamuotcha. Anafuna kulankhulanso, koma tete wa pabanjapo, mlongo wake wa malemu bambo a wanthochi, nkhalamba yosaopa munthu, anati, "Khalani pansi, bambo. Sahwira sadulidwa pakamwa." Anakhala.

Wanthochi anayang'ana uku ndi uku kufuna womupulumutsa. Panalibe. Bokosi la amayi ake linali padzuwa, zingwe zili m'manja mwa anthu. Anayamba kung'ung'udza mawu aja chapansipansi. Ine ndinaika dzanja kukhutu. "Ukudziwa kuti ndine gonthi. Kweza."

Anakweza. Anawanena onse, wopanda mfunda, wopanda kwawo, manda timawakumbira ndife. Pa za mwana wa pamphasa anaima. Ndinagogoda ndodo pansi, ndipo anazinenanso zimenezo. Achimwene anali ataima kutsidya kwa dzenjelo, fosholo m'manja, matope mpaka m'mawondo, ndipo aliyense amene anali ndi maso anaona amene anakumbira mnzake tsiku limenelo.

Ndinati, "Mwana amene uja ndinamusambitsa ndi manja angawa. Ndinakutuma ine kuti ukagule naye mavoti?"

"Ayi, amai."

"Sindikumva."

"Ayi, amai!"

"Ndiye uzidziwa kuti ndikulowa m'dzenje muno ndi manyazi ako." Ndinatulutsa miyendo, ndinadzuka, n'kuuza amuna aja kuti atsitse.

Ndisakunamizeni, zinandikomera. Zinandikomera kuposa nyama ya pa Khisimisi. Kumuona atagwada, mawondo ali fiii ndi dothi, akuluakulu ake onse atazolika, ndinamva mkwiyo umene ndinasunga miyezi yonse ija ukutsika. Aja anachoka mumzere wathu aja ndinkawafunafuna ndi maso mmodzimmodzi, ndipo palibe amene analimba kundiyang'ana. Munthu yekhayo amene ankandiyang'ana anali amayi, ali pamphasa pansi pa mtengo, ndipo sankaseka.

Mlandu panalibe wondiimba. Mwambo unali kumbali yanga, chipani sichikanatha kunena kanthu. Koma pasanapite nthawi tete uja anabwera kwathu, n'kukana kulowa m'nyumba, n'kukana ndi madzi omwe. Anaima pabwalo n'kunena kuti watumidwa ndi wanthochi, mwini nyumba ya uko, akuti njira ya pakati pa makomo awiriwa yatsekedwa. Anati iye sanafune, koma mwana uja ndiye mutu wa banja tsopano. Atapita, amayi anandiitana.

"Wakhuta?"

Ndinati, "Sindinakhute, amayi. Akanagwadanso pabwalo la sukulu."

Anatembenukira kukhoma, ndipo nkhani imeneyi sanaitchulenso mpaka tsiku lawo.

Nkhani ya kumanda ija inayenda makomboni onse, mpaka ku Chipinge abale athu anaimva. Achimwene anapukuta njinga yawo. Chisankho cha dziko lonse chitayandikira, chipani chinaimika wanthochi kuti akhale khansala, koma akaitanitsa msonkhano pakomboni pankabwera ana ndi agalu. Anthu otchola tiyi ndi ambiri m'dera lathu, ndipo iye ankadziwa kuti popanda iwo sapita kulikonse. Akuluakulu anayambanso kutsika phiri, kudzatiuza kuti mutu umodzi susenza denga. Ine ndinkawauza kuti denga lawolo alisenze ndi zipewa.

Amayi anamwalira nthawi ya mvula, m'mawa, nditangowapatsa phala n'kukana. Tinalira, anthu anasonkhana, ndipo dzuwa lisanakwere ndinamva kulira kwa lole imene ndinkaidziwa. Anyamata anatsitsa tenti, mipando, matumba a ufa ndi kabichi. Kumbuyo kwake kunabwera magalimoto a chipani. Mkazi wa wanthochi ndi alongo awiri a mwamuna wake anatsika ndi beseni, sopo ndi matawulo. Ndinati kapena Mulungu wawakhudza. Koma sanalowe m'nyumba. Anakakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, beseni lili pamiyendo, n'kumadikira.

Wanthochi anabwera pakhomo ndi mkulu wa chimkuzamawu uja, onse atagwira zipewa m'manja. Analankhula ndi mkuluyo. Anapepesa maliro mwaulemu wonse, kenako anati zakale zipite ndi madzi. Akuti chimene akupempha n'chaching'ono. Ine ndi achimwene tituluke, tikaime naye wanthochi kutsogolo kwa tenti, tigwirane manja m'mwamba anthu a pakomboni aone, ine ndiyambitse nyimbo imodzi yokha ya chipani. Zikatero azimayi aja alowa nthawi yomweyo kukagwira ntchito yawo, ndipo chisahwira chibwerera pamalo pake ngati sichinachokepo.

Ndinayang'ana azimayi a pakomboni amene anadzaza pabwalo. Ndinafunsa ngati palibe mmodzi woti andithandize. Onse anazolika. Mayi wina wachikulire wa kwa apositoli anandinong'oneza kuti, "Mwananga, ntchito ya sahwira salanda munthu eni ake atakhala pomwepo ndi beseni. Akanapanda kubwera tikanalowa." Ndipamene ndinazindikira chifukwa chake anawakhazika pansi pa mtengo paja.

Achimwene anandikokera m'kati. Munthu wamkulu, imvi kumutu, ankalira ngati mwana. Anati, "Mlongo wanga, chifukwa cha amayi. Ndi nyimbo imodzi. Dzanja langa analikwezapo kale, silinathyoke. Chinthu chimodzi chokha chimene amayi anatipempha moyo wawo wonse ndi chimenechi."

Zimene ankanenazo zinali zoona, ndipo ndinkadziwa. Ndinayang'ana amayi ali gone pamphasa, titawafunditsa bulangete lawo lofiira. Ndinayang'ana kunja. Mnyamata wina wa chipani anali atakweza kale foni m'mwamba, kuyesa pamene tidzaimire kuti chithunzi chidzatuluke bwino. Munthu uyu sanabwere kudzalira. Anaona maliro a amayi anga n'kuona msika.

Ndinatuluka n'kuima pakhomo. Sindinafuule, ngakhale mawu ndili nawo. Ndinamuyang'ana wanthochi n'kumuuza m'Chinyanja chathu, chimene amachimva bwinobwino poti anakulira pa mbale zathu, kuti, "Maliro a nyumba ino unagulitsapo amodzi. Awa ayi. Tenga anthu ako pansi pa mtengo paja."

Anati, "Sahwira, ganiza bwino."

Ndinati, "Sahwira wanga ndinamuika ndekha. Iwe sindikudziwa."

Ndinalowa n'kutseka chitseko. Alamu anga anafuna kutsala nane, koma achimwene anawatulutsa, poti mkamwana sakhudza thupi la apongozi ake. Achimwene eni ake anateleka madzi kuseri, n'kumandipatsira pachitseko nkhope atatembenuzira kumbali. Kunja kunali phokoso, ena akuti ndapenga, ena akuti ndachita bwino. Kenako winawake anayambitsa nyimbo ya chipani, mawu ake osalimba, ndipo owerengeka anavomera.

Ndinagwada pambali pa mphasa ndi beseni lathu losambira, ndi sopo amene amayi anali asanamalize. Manja anga asambitsapo anthu ambiri a nyumba ya uko, koma wa nyumba yathu anali asanasambitsepo. Sahwira asanakhudze thupi amayamba wamuuza womwalirayo kuti walowa ndani, kuti asadzidzimuke ndi manja achilendo. Ndinavundukula bulangete kumapazi, poti kunkhope ndinalibe mphamvu, ndinaviika nsalu m'madzi, n'kuwauza.

"Amayi, ndine. Palibe wina akubwera."